A Namakhwa ndi Mayeso a Pulaimasi

Uthenga wa maliro a atsibweni anga, a Lukasi Namakhwa, unandipeza ku koleji ya aphunzitsi Lachitatu m'mawa, tili pamzere wolandirira makasu a kudimba. Ndinakwera sitima tsiku lomwelo, ndipo pamene ndinkatsika pa Balaka n'kuyamba ulendo wapansi wopita kwathu ku Rivirivi, adzukulu anali atayamba kale kukumba manda. Papita masabata asanu tsopano. Chimene chandichititsa kugwira cholembera ndi mawu amene ndinamva pamaliropo. Amuna awiri amene anakhala kumbuyo kwanga ankanong'onezana kuti malemuwa anali munthu wabwino m'zonse, kupatula kuti anamana ntchito mwana wobereka okha, n'kuipereka kwa telala wachilendo. Zimenezo zinachitikadi, ndipo sindikufuna kuzibisa. Koma nkhani ikafupikitsidwa chotero imasanduka bodza, ngakhale mawu ake onse akhale oona.

Kwa zaka zoposa makumi awiri, atsibweni ankagwira ntchito m'kanyumba kosindikizira mabuku ka pa mishoni yathu. Mabuku a mapemphero ndi a nyimbo anali m'manja mwa ansembe. Mbali ya atsibweni inali timapepala ta malangizo, timene aphunzitsi a m'midzi ankawerengera anthu akatha mapemphero a Lamulungu: kakumbidwe ka chimbudzi, katsukidwe ka chilonda, kasungidwe ka mbewu kuti anankafumbwe asaiboole, nthawi yozula ndi kutentha mitengo ya thonje. Wodziwa ntchitoyo, kaya dokotala, kaya mlangizi wa ulimi, kaya mmisiri, ankabwera n'kufotokoza. Mlembi ankamvetsera, kenaka n'kulemba m'Chinyanja choti mayi wa ku Phalula achimve atangomuwerengera kamodzi. Atsibweni anali ndi alembi awiri pansi pawo, ndipo malo akatseguka, mawu omaliza posankha munthu anali awo.

Anali munthu wamfupi, wadazi, wa zala zakuda ndi inki imene sopo anaitaya mtima kalekale. Makolo awo anachokera kudziko la Apwitikizi, ndipo akakwiya ankang'ung'udza m'Chilomwe kuti ansembe asamve. Pepala la mlembi sankaliwerenga atakhala pansi. Ankaliyala patebulo, n'kuimirira, n'kumachita ndi manja m'malere zonse zimene pepalalo likunena: kuthira, kuvundula, kumanga, kufinya. Pamene pepala ladumpha kanthu, manja aja ankaima pomwepo ngati a munthu wogwidwa ndi tsemwe, iwo n'kuyang'ana mlembi pamwamba pa magalasi.

"Manja anga aima, achimwene. Apite kuti?"

Mlembi akayamba kufotokoza pakamwa, iwo ankapukusa mutu. Ankati mlembi sadzapita nalo pepalalo ku Nsamala kukaliyankhulira. Pepala limayenda lokha ngati mwana wamasiye, ndipo chimene silinanyamule pochoka palibe wokalipatsa panjira.

Pa za mafunso ofunsa anthu ofuna ntchito ndi pamene ankakangana ndi wansembe aliyense amene anayang'anirapo makina osindikizira aja. Ansembe ankafunsa za sukulu, ankaona satifiketi, ankapereka ndime ya Chingerezi kuti munthu aitembenuze. Atsibweni sankaletsa; ankangoyang'ana zikhadabo zawo. Nthawi yawo ikafika, ankafunsa munthuyo kuti manja ake amadziwa chiyani, ndipo awafotokozere chinthucho ngati akufotokozera mlendo amene sanachionepo. Wina anayankha monyada kuti iye manja ake amangodziwa mabuku. Anamutumiza kuseri kuti akamange mtolo wa nkhuni, akabwere adzafotokoze mmene wamangira, ndipo sanabwerenso. Nthawi zina ankatulutsa pepala lawo lakale, n'kunena kuti analilemba okha, n'kufunsa kuti ndi pati pamene munthu angavulale akalitsatira. Amene ankayankha kuti, "Ndi labwino kwambiri, bambo," ankamuthokoza mwaulemu n'kumuperekeza mpaka pakhomo. Koma funso limene ankalidalira koposa linali lalifupi, la liwu limodzi. Ankafotokoza ntchito inayake, n'kusiya dala chinthu chimodzi chofunika, kenaka n'kufunsa kuti, "Mwamva?"

Ine ndemwe ndinakangana nawo pa tchuthi changa choyamba. Ndinatenga pepala lawo la katsukidwe ka chilonda, n'kulichonga ndi inki yofiira: ziganizo zinali zifupizifupi ngati za mwana wa Sitandade Wani, ndipo liwu loti "wiritsani" linabwerezedwa kanayi. Ndinawalangizanso kuti ofuna ntchito azilembetsedwa chimangirizo pa mutu wakuti kufunika kwa ukhondo, kuti aoneke amene amadziwa chilankhulo. Anaseka mpaka anavula magalasi.

"Mphwanga, chimangirizo chimandionetsa munthu wokonda kumva mawu ake. Ine ndikufuna munthu woopa kupha mnzake."

Kufikira lero ndimakhulupirira kuti ena mwa mapepala awo akanatha kukoma pang'ono popanda kuvulaza munthu. Koma inki yofiira ija sindinabwere nayonso kunyumba kwawo.

Za telala uja zinachitika nkhondo yaikulu itangotha. Ine sindinalipo. Zimene ndikulemba ndinazimva kwa akazi a atsibweni, mayi Rozina, ndi kwa mwini wake telalayo, Che Amidu. Pamene awiriwa asiyana, ndatsata amene anali pafupi. Chaka chimenecho zipatala zing'onozing'ono za mishoni zinalandira mapulaimasi, zitofu zopopa za palafini, zowiritsira masingano a jekeseni, ndipo pankafunika pepala lophunzitsa kayatsidwe kake. Mlembi mmodzi anali atapita ku Joni. Mwa onse amene anafunsira malo akewo, anatsala awiri. Wina anali Benedikito, msuweni wanga, mwana wamwamuna yekhayo wa atsibweni, amene tonse tinkamutchula Bene. Anali atakhoza bwino Sitandade Sikisi, ndipo zilembo zake zinali zokongola kotero kuti aphunzitsi ankapachika makope ake pakhoma. Winayo anali Che Amidu, Msilamu wa ku Machinga, amene sukulu anailekera Sitandade Fili ndipo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Balaka.

Atsibweni anapempha wansembe woyang'anira makina kuti ulendo uno asankhe yekha, popeza mmodzi mwa anthuwo anali magazi awo. Wansembeyo anakana moseka. Anati nkhaniyo inali yothaitha, malo ndi a Bene, ndipo mayeso angochitika kuti mwambo usafe. Atsibweni anayankha kuti ngati mayeso achitike, achitika monga amachitikira masiku onse.

M'mawa mwake anaika pulaimasi pabwalo la kuseri, pa dothi losesa, ndowa ya mchenga ili pambali. Anaitana Bene poyamba, Che Amidu akudikira kutsogolo kuti asamve. Popanda kuyatsa, analoza chilichonse ndi chala: thirani palafini, osadzaza, masulani kasikuluwu ka mpweya aka, thirani sipiriti m'kambale aka kali pansi pa mutu wa chitofu, yatsani, mangani kasikuluwu, popani. Chimene anasiya dala n'chakuti munthu ayenera kudikira kuti moto wa sipiriti utenthetse mutuwo asanayambe kupopa.

"Mwamva?"

Bene anali ataimirira, manja kumbuyo. "Ndamva, bambo."

"Palibe funso?"

"Palibe, bambo."

Wansembe anasimbira Che Amidu pambuyo pake kuti atsibweni anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Taganiza bwino, Bene." Pa zaka zonse zija sanafunsepo munthu aliyense katatu. Kukondera kwawo konse kunathera pamenepo. Bene anayang'ana wansembe, anayang'ana bambo ake, n'kunena kuti zonse zamveka.

Che Amidu analowa tepi yoyezera ili m'khosi, kofia ili kumutu. Atsibweni anafotokoza chimodzimodzi, koma sanafike n'komwe pa funso lawo.

"Pepani, ambuje. Osadzaza ndiye kuti pati?"

"Musiye zala zitatu."

"Zala za yani? Zanga n'zowonda ngati singano. Za Abambo awa zili ngati nthochi."

Wansembe anabisa manja m'mkanjo. Atsibweni anapatsa telalayo kamtengo, iye n'kukayeza ndi tepi yake.

"China, ambuje. Palafini alimo kale. Nanga sipiritiyu akudzatani? Chitofu chimodzi, mafuta awiri, mitala?"

"Amatenthetsa mutuwu."

"Ehe! Ndiye sindingapope usanatenthe. Simbi yanga yositira nayonso ndimaidikira. Tsono ndidziwa bwanji kuti watentha? Ndiulavulire?"

"Iyayi. Moto wa sipiriti ukatsala pang'ono kuzima."

"Nanga bwanji simunanene? Mumafuna ndipse ndevu?"

Wansembe anamudzudzula kuti ayankhule mwaulemu ndi akuluakulu. Che Amidu anapepesa, n'kuwonjeza kuti telala wochita manyazi kuyeza mimba ya bwana amasoka buluku losamangika, ndipo mwano weniweni ndi umenewo.

Onse awiri anapatsidwa ola limodzi kuti alembe. Pepala la Che Amidu ndinaliona ndi maso anga, pakuti amalisunga mpaka lero, ndipo ndiyenera kunena kuti limapweteka m'maso: mawu olumikizana molakwika, mipumiro yosowa, Chiyao chikusuzumira apa ndi apo. La Bene akuti linalibe banga.

Gawo lomaliza la mayeso linali lodziwika pa mishoni ponse. Mlembi ankakhala pabenchi atakhalira manja ake, osaloledwa kuloza kapena kutsegula pakamwa, pamene wina akuwerenga pepala lake mzere ndi mzere, ndipo munthu wosadziwa ntchitoyo akuchita ndendende zimene akumva. Munthu ameneyo kawirikawiri ankakhala mayi Rozina, chifukwa sadziwa kuwerenga ndipo sanamizira kumva chimene sanamve. Tsiku limenelo anawaitana kuchokera kumtondo. Pulaimasi anali asanaikhudzepo. Wansembe ndiye ankawerenga, ndipo sanatchule mwini pepala.

"Koma ine ndinadziwa," anandiuza mayiwo. "Mawu ake ankayenda ngati madzi a m'ngalande. Ndinati mumtima, uyu ndi wanga."

Anathira palafini, anamasula, anathira sipiriti, anayatsa. Wansembe anawerenga kuti amange ndi kupopa, iwo n'kumanga, n'kupopa ndi mphamvu zonse za munthu wozolowera munsi. Palafini wosatentha anatumphuka, lawi lachikasu linakwera mpaka kumaso kwawo, utsi wakuda n'kuphimba bwalo. Bene anadzambatuka pabenchi akukuwa kuti, "Mayi!" Atsibweni, amene anali atanyonyomala pafupi dala, anamasula kasikuluwu, moto n'kugwa. Mayi Rozina anangowauka nsidze ndi nsonga ya duku. Chitofu chitazizira, anawerenga pepala lachiwiri. Wansembe ankapunthwa pa mawu ake, koma pamene linati, "Musapope. Dikirani. Yang'anani moto wa m'kambale mpaka ufune kufa," mayiwo anadikira, ndipo pulaimasi inayamba kulira ndi moto wobiriwira.

Wansembe anatengera atsibweni pambali, koma mawu awo ankamveka bwalo lonse.

"A Lukasi, mwanayu walemba zimene munamuuza. Cholakwa n'chanu."

"N'changadi, Abambo. Ine ndasiya dala. Dokotala adzasiya mosadziwa, chifukwa chimene munthu wachizolowera sachionanso. Pamenepo adzafunse ndani?"

"Koma kalembedwe ka telalayu mwakaona? Ndiponso si wa mpingo wathu."

"Kalembedwe ndidzakonza ndi pensulo. Pakamwa potseka sindingapatsegule ndi pensulo. Ndipo pulaimasi siifunsa munthu kumene amapemphera."

Wansembe anawauza kuti apite kunyumba akaganize kaye, popeza mwana ndi mwana. Iwo anati akapita kunyumba sadzabweranso ndi yankho loona, choncho ndi bwino anene pomwepo. Anatchula dzina la Che Amidu.

Anthu ambiri ankadabwa kuti kuuma mtima kotere kunachokera kuti mwa munthu wofatsa chotero. Ine anandiuza kamodzi kokha, tikudutsa pafupi ndi dibi lakale, dziwe la simenti losambitsiramo ng'ombe m'mankhwala opha nkhupakupa. Ali mlembi wongoyamba kumene, zaka zambiri nkhondo isanayambe, anatumidwa kwa mzungu wina woona za ziweto kuti akalembe pepala louza eni ng'ombe zoyenera kuchita pa tsiku la dibi. Mzunguyo anafotokoza mofulumira, atakwera kale njinga yake yamoto, n'kufunsa ngati amva. Atsibweni anali ataona m'mawa womwewo kuti antchito a mzunguyo anayamba apititsa ng'ombe zawo kumtsinje kukamwa madzi asanazilowetse m'dibi, ndipo funso linali pamlomo. Koma iwo anali yani, mwana wa mlendo wovala kabudula, kuti aimitse bwana wokwera kale njinga? Anati amva.

Pepala linasindikizidwa, linawerengedwa m'midzi. M'mwezi wa Okutobala, bambo wina wa ku Nsamala anayendetsa ng'ombe zake mtunda wautali padzuwa, n'kuzilowetsa m'dibi zili ndi ludzu. Zinamwa mankhwala aja. Zitatu zinafa dzuwa lisanalowe, ndipo zinali pafupifupi khola lake lonse. Patapita masiku, bamboyo anafika ku mishoni pepala lili m'manja. Sanakalipe. Anapempha kuti amene analilemba amuwerengerenso, kuti aone pamene iye analakwitsa. Atsibweni anawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, bamboyo akugwedeza mutu pa mzere uliwonse. Atamaliza, iye anati, "Ndiye kuti sindinalakwitse." Anapinda pepala lake, anatsanzika, n'kumapita.

"Akanandimenya ndi ndodo, bwenzi nditaiwala," anatero atsibweni. Atatero anasintha nkhani, n'kuyamba kundifunsa za mitengo ya thonje.

Koma tsiku la pulaimasi lija, kunyumba kunalibe amene ankafuna kumva za ng'ombe. Atsibweni anapeza mayi Rozina akusenda nandolo pakhonde, nsidze zili zowauka, ndipo mayiwo sanawalonjere.

"Bambo a Bene, ndani anamuphunzitsa mwana uja kuti mkulu akamayankhula sadulidwa mawu?"

"Ndine."

"Ndani ankamuthira mkwapulo akati 'chifukwa chiyani'?"

"Ndine, mayi a Bene."

"Ndiye lero mwamukana chifukwa wakumverani. Mwanditenga ine, mayi wake, kuti ndikhale mpeni wanu. Mukanaitana wina."

"Ndikanaitana wina, anthu akanati..."

"Anthu! Anthu adya nanu nsima lero?"

Bene mwini wake sanakangane ndi bambo ake. Anangouza mayi ake kuti anaonadi kuti penapake pakusoweka kanthu, pakuti sankamvetsa ntchito ya sipiriti. "Koma ndikanawafunsa bwanji bambo anga pamaso pa wansembe, ngati kuti sadziwa kufotokoza?" Mayi Rozina anawafikitsira mawuwo osachotsapo kanthu. Atsibweni anawamva ali chiimire. Mwezi usanathe Bene ananyamuka kupita ku Halale, kumene anapeza ntchito ya ukalaliki. Anatsanzika bambo ake atagwada, ndi ulemu wonse umene anaphunzitsidwa, ndipo mayi Rozina amati ulemu umenewo ndi umene unapweteka koposa.

Sindinamvepo atsibweni akunena kuti anasankha molakwika. Che Amidu wagwira ntchito m'kanyumba kaja kufikira lero. Madokotala amamudziwa ngati munthu wowabweza pakhomo katatu ndi mafunso, ndipo ena amabisala akamuona akubwera. Lachisanu masana ankapita kukapemphera, atsibweni n'kumugwirira ntchito yake, ndipo pa tsiku la maliro anaima panja pa tchalitchi mpaka mwambo utatha, kenaka n'kusenza nawo bokosi. Chimene atsibweni ankavomereza kuti analakwitsa chinali china. Anandiuza tsiku lina kuti anakhala zaka makumi awiri akuzula chinthu m'munda, kenaka n'kudzudzula munda kuti suli nacho. Kuyambira nthawi imeneyo ana a pakhomo pawo analoledwa kufunsa chilichonse, mpaka anansi ankadandaula kuti zidzukulu za a Namakhwa zilibe mwambo. Iwo ankangoyankha kuti mwambo umene umapha ng'ombe aukwanitsa okha, ana asawathandize.

Bene ankalemba kalata mwezi uliwonse, ndipo kalata iliyonse inali ya mayi ake okha. Ankapereka moni kwa alongo ake, kwa anansi, ngakhale kwa ine. Za bambo ake munalibe. Popeza mayi Rozina sawerenga, amene ankawawerengera makalatawo anali atsibweni. Lamulungu masana ankatulutsa mpando wawo pakhonde, mayiwo n'kukhala pamphasa, ndipo ankawerenga mofatsa, osadumpha liwu, osawonjeza liwu. Mmodzi wa ana awo aakazi anawachonderera tsiku lina kuti angonamizira moni wawo, kuti mayi asangalale. Anati pepala silinatero. Akatha kuwerenga ankatenga pensulo n'kulemba yankho monga mmene mayiwo akunenera, ngakhale pamene ankanena kuti, "Lembani kuti bambo ako ndi ouma mutu ngati kale." Analemba zimenezo ndi zilembo zooneka bwino.

Chaka chathachi chifuwa chinawagwira atsibweni, ndipo mayi Rozina analembetsa za matendawo. Yankho litabwera, munali mzere umodzi chakumapeto: "Ndamva kuti bambo akutsokomola. Asazengereze, apite kuchipatala." Mayiwo akuti atsibweni anawerenga mzerewo, anaima, n'kuuwerenganso.

"Ndinawafunsa kuti, kodi walemba kawiri? Anati iyayi, walemba kamodzi. Ndinati, nanga inu mwayamba liti kuwonjeza? Anati magalasi achita nkhungu."

Kuchipatala anapitadi m'mawa mwake, iwo amene anali atakana kwa miyezi itatu. Makalata awiri otsatira anafunsanso za chifuwacho. Atsibweni anayamba kufunsa za positi kuyambira pakati pa mwezi, koma kulemba mawu awoawo sanalembe. Ankati akudikira kuti apeze poyambira, ndipo munthu amene anaphunzitsa alembi ambiri poyambira anamwalira asanapapeze.

Patapita masiku atatu chiwaikireni, kalata ina inafika. Chidindo cha positi chikuonetsa kuti inaponyedwa telegalamu ya maliro isanafike ku Halale, choncho Bene anailemba akuyembekeza kuti bambo ake ndiwo adzaiwerenge mokweza. Ndi yokhuthala kuposa zinzake zonse. Ndinadzipereka kuti ndiwawerengere mayi Rozina, koma anaitenga m'manja mwanga.

"Iyayi, mwanangu. Zaka zonsezi mawu a Bene ndawamvera m'kamwa mwa bambo ake. M'kamwa mwa wina sindiwazindikira."

Bene wayankha telegalamu kuti wapempha tchuthi ndipo abwera mvula isanagwe. Mayi ake akuti adzaiwerenge yekha, mokweza, ndipo ngati muli mawu opita kwa bambo ake, akawanenere kumanda.

Ndinapitako Loweruka lapitali. Mpando uja anaulowetsa m'nyumba, ndipo palibe amene amaukhalira. Kalata ili pazenera, yosatsegula, atatsindikiza ndi mwala kuti mphepo isaiulutse, ndipo dzuwa layamba kufufutitsa inki ya pa envelopu. Khonde analizira kumene ndi dothi lakuda, losalala kuyambira pakhomo mpaka kumapeto. Pakona pokha, pafupi ndi nsanamira, patsala timaenje tinayi timene miyendo ya mpando inakumba pa zaka zonse za makalata. Dzanja la mayi Rozina linazira mozungulira kalikonse, osakakwirira. Pambali pake mphasa inali yoyala, ndipo nkhuku inkayendayenda pakati pa mphasayo ndi timaenjeto popanda woiingitsa.